Mbiri Sigonera, Koma Woisenza Ndani?

 Lero ndabwera ndi zinthu ziwiri: liwu limodzi la Chigiriki, ndi mlandu wanga umene ndakhala nawo kuyambira chaka cha 2016. Za Chigirikizo musaope, sindikulowetsani m'kalasi. Mlanduwo ndi wa pakamwa, ndipo mukaumva mwina mudzaona kuti si wa ine ndekha.

Funso limene ndifuna tilingalire pamodzi ndi ili: ngati nkhani sindinaipeke ine, ndangoimva kwa wina n'kuipatsira wina, kodi ndili ndi mlandu pa zimene nkhaniyo ikachite kumene ikupita? Ambiri a ife tili ndi kachishango kamene timabisalako, kaliwu kakuti "akuti". Akuti mwana wa uje ali ndi pakati. Akuti ndalama za maliro zinadyedwa. Tikanena "akuti" timamva ngati tasamba m'manja. Kodi tasambadi?

Liwu lathu lakuti mbiri

Tiyambire kwathu. M'chinenero chathu liwu lakuti mbiri limasenza katundu wambiri. Tikamafotokoza mmene mpingo wathu unayambira pa Magwero m'chaka cha 1899, timati tikunena mbiri ya mpingo. Tikamafunsira mwana wathu mbeta, timayamba tafufuza ngati mtsikanayo ali ndi mbiri yabwino. Woimba akatchuka timati mbiri yake yafika patali. Ndipo tikamva mphekesera kuti ufa ukwera mtengo timatinso yamveka mbiri. Zakale, khalidwe la munthu, kutchuka ndi mphekesera, zonsezi makolo athu anazimanga mu mtolo umodzi. Iwo anaona kuti zonsezi zimayenda njira imodzi, kuchoka pakamwa kupita kukhutu.

Amene anamasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka m'chaka cha 1922, anagwiritsa ntchito liwu lomweli m'malo angapo m'Mauthenga Abwino. Chaka china pa mpingo pathu panabwera wophunzira zaubusa wochokera ku Justo Mwale, ndipo ine, monga mphunzitsi wosatopa ndi mafunso, ndinamupempha kuti andionetse mawu amene ali kuseri kwa mbiri m'Chipangano Chatsopano cha Chigiriki. Anatsegula buku lake, nandionetsa kuti si liwu limodzi ayi, alipo angapo. Koma limene linandigwira mtima ndi lakuti pheme, limene potchula limamveka ngati "feme".

Pheme amachokera ku mneni wakuti phemi, kutanthauza kuti "ndinena". Choncho pheme ndi chonenedwa, nkhani imene ili pakamwa pa anthu. Liwu la Chingerezi lakuti fame, limene ana athu amalikonda, linadzera ku Chilatini, koma ndi la mtundu womwewo. Chofunika kuchigwira ndi ichi: liwuli palokha silikuuzani ngati nkhaniyo ndi yoona kapena yabodza, yabwino kapena yoipa. Limangokuuzani kuti anthu akunena. Agiriki akale anaiopa mphamvu imeneyi mpaka anaiyesa mulungu wamkazi, ndipo mumzinda wa Atene munali guwa lake. Wolemba ndakatulo wa ku Roma, Virgil, anaijambula ngati chilombo chouluka chodzala ndi maso, makutu ndi malilime. Anthu osadziwa Mulungu woona aja anazindikirabe kuti nkhani ikachoka pakamwa imakhala ndi moyo wakewake.

Malo awiri okha

M'Chipangano Chatsopano chonse liwu lakuti pheme limapezeka kawiri kokha, ndipo konseko likunena za Ambuye Yesu.

Malo oyamba ndi Mateyu 9:26. Mwana wamkazi wa mkulu wina anali atamwalira. Yesu anafika pa nyumba ya maliro, napeza oimba zitoliro ndi khamu la anthu likuchita phokoso. Atawauza kuti mwanayo ali m'tulo, anamuseka. Anthuwo anatulutsidwa kunja, Iye nalowa, namugwira mwanayo dzanja, ndipo anauka. Pamenepo pheme inafalikira dera lonselo. Marko, pofotokoza nkhani yomweyi m'chaputala 5, amatiuza kuti m'chipindamo munalowa anthu owerengeka okha, makolo a mwanayo ndi ophunzira atatu, ndiponso kuti Yesu anawalamula kuti asauze munthu. Ine ndimadzifunsa kuti, nanga nkhaniyo inayenda ndi yani? Mosakayika ambiri amene anaisenza ndi aja anali panja, amene posachedwa pomwepo anali kuseka. Sanaone chimene chinachitika m'kati, koma anachifalitsa. Ulendo umenewo nkhaniyo inali yoona.

Malo achiwiri ndi Luka 4:14. Yesu atayesedwa m'chipululu anabwerera ku Galileya mu mphamvu ya Mzimu, ndipo pheme yake inamveka m'midzi yonse yozungulira. Ndime yotsatira imati anthu onse anali kumutamanda. Koma musatseke Baibulo pamenepo, amayi. Werengani mpaka ndime 30. M'chaputala chomwecho Yesu afika kwawo ku Nazarete, kwa anthu amene anali atamva zimene anachita ku Kaperenao. Poyamba anakondwa naye. Atawauza zimene sanafune kumva, ndi kuwakumbutsa kuti Mulungu anachitira chifundo mkazi wamasiye wa ku Zarefati ndi Namani wa ku Siriya, anthu a mitundu ina, anamukokera pamwamba pa phiri kuti amuponye pansi. Pakati pa kutamandidwa ndi onse ndi kufuna kuphedwa pali ndime zochepa chabe. Mbiri inamusonkhanitsira anthu, koma sinasinthe mitima yawo.

Abale ake a liwuli

Wophunzira uja anandionetsanso mawu ena obadwa ku tsinde lomwelo. Pali diaphemizo, kutanthauza kuwanditsa nkhani ponseponse. Likupezeka pa Mateyu 9:31, pamene akhungu awiri amene anachiritsidwa anafalitsa nkhani ngakhale analetsedwa. Likupezekanso pa Marko 1:45, pamene wakhate wochiritsidwa anachita chimodzimodzi, mpaka Yesu sanathenso kulowa poyera m'mudzi, nakhala kunja kumalo opanda anthu. Munthuyo ananena zoona, ndipo ananena mwa chimwemwe, komabe anasokoneza ntchito. Malo achitatu ndi Mateyu 28:15, ndipo awa ndi oopsa. Asilikali olondera manda anapatsidwa ndalama kuti azinena kuti ophunzira anaba mtembo usiku, ndipo Mateyu akuti nkhani imeneyo inali ikuyendabe pamene iye anali kulemba. Mneni mmodzi yemweyo wasenza umboni wa machiritso, wasenzanso bodza logulidwa ndi ndalama.

Mneneri m'Chigiriki ndi prophetes, wonena m'malo mwa Mulungu, ndipo nalonso lili pa tsinde limeneli. Blasphemia, limene ife timati mwano, lilinso pomwepo. Ine ndinkayesa kuti liwu limeneli ndi la kuchitira Mulungu mwano basi, koma pa Tito 3:2 Paulo akuligwiritsa ntchito poletsa kunenera munthu aliyense zoipa. Kuipitsa dzina la mnzako ndi kunyoza dzina la Mulungu zili ndi liwu limodzi, ndipo Yakobo m'chaputala 3 akutiuza chifukwa chake: munthuyo analengedwa m'chifanizo cha Mulungu.

Palinso liwu lina la tsinde lina, akoe, kutanthauza chomveka kukhutu. Ili ndi limene lili pa Mateyu 24:6 ponena za mphekesera za nkhondo, ndiponso pa Mateyu 14:1 pamene Herode anamva za Yesu n'kuganiza kuti Yohane Mbatizi wauka. Koma ndi lomwelinso limene Paulo akugwiritsa ntchito pa Aroma 10:17 pophunzitsa kuti chikhulupiriro chimabwera mwa kumva. Khomo limene Uthenga Wabwino unalowera mwa inu ndi lomwelo limene mphekesera zimalowera. Sitingalitseke, chifukwa tikatero tatsekera kunja ndi chipulumutso chomwe. Chofunika ndi mlonda wa pakhomopo.

Lolemba, pa 18 Epulo 2016

Tsopano ndinene mlandu wanga. Inu a mu Lusaka mukumbukira mmene zinthu zinalili m'miyezi ya Marichi ndi Epulo chaka chimenecho. M'makomboni a kumadzulo kwa mzinda, kumbali ya George ndi Zingalume, munapezeka mitembo ya anthu ophedwa mwankhanza, ziwalo zina zitachotsedwa. Zimenezo zinali zoona, ndipo mantha athu sanali opanda pake. Amuna athu ndi ana athu ambiri amagwira ntchito m'mafakitale a ku Heavy Industrial Area, ndipo amayenda pansi m'bandakucha kapena usiku akaweruka. Mayi aliyense ankagona khutu lili kukhomo.

M'mawa wa Lolemba limenelo sukulu zinali pa tchuthi, ndipo ndinakwera minibasi kupita m'tauni. Tili pa msewu wa Lumumba, chakumafakitale, anakwera abambo ena ovala maovolosi. Mmodzi anati ziwalo za anthu zapezeka m'firiji ya sitolo ya munthu wa ku Rwanda. Mayi wina kumbuyo anati nayenso wamva zomwezo kwa mlamu wake. Kondakitala anawonjezera kuti n'chifukwa chake masitolo a anthu amenewa amayenda bwino. Sitinafike ndi m'tauni momwe, basi yonse inali itagamula mlandu.

Ine sindinaponye mwala, sindinathyole chitseko cha munthu. Chimene ndinachita n'chakuti nditatsika ndinaimbira foni mchemwali wanga kumuuza kuti asatume ana ku masitolo amenewo. Kenaka ndinaimbira amayi awiri a m'dera lathu, ndipo ndinaikulunga bwino nkhaniyo: ndinati tiyeni tipempherere komboni yathu, chifukwa akuti zapezeka zakutizakuti. Ndinanena "akuti". Ndinanenanso "tipemphere". Koma ndine mtumiki mu mpingo ndiponso mphunzitsi, ndipo nkhani imene inalowa m'khutu mwanga ngati mawu a mlendo wa m'basi inatuluka pakamwa panga itavala yunifolomu. Amayi aja pouza ena sanati akuti, anati Madamu anena.

Tsiku lomwelo ndi lotsatira lake masitolo a anthu obwera, makamaka a ku Rwanda, anathyoledwa ndi kuberedwa m'makomboni ambiri. Apolisi ananena kuti masitolo oposa 60 anaberedwa ndipo anthu oposa 250 anamangidwa. Ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo, ndipo onsewo anali a m'dziko lathu lino. Mazana a anthu, amayi ndi makanda omwe, anathawira ku tchalitchi cha Akatolika cha St Ignatius ku Rhodes Park. Mu Meyi apolisi anagwira anthu anayi powaganizira za kuphana kuja. Pakati pawo panali asilikali awiri ndi sing'anga, ndipo panalibe wa ku Rwanda.

Sukulu zitatsegulidwa, m'kalasi langa lina desiki imodzi inakhala yopanda munthu kwa milungu ingapo. Mwini wake anali mtsikana wofatsa, wanzeru pa masamu, wobadwira kuno, wolankhula Chinyanja ngati ana anga. Makolo ake anathawa kwawo pambuyo pa zoopsa za mu 1994. Atabwera ndinamuitana ndi kumufunsa kuti, "Mwana wanga, unali kuti?" Anandiyankha akuyang'ana pansi: "Madamu, anatitengera zonse, ndi mabuku anga omwe. Amene ananyamula matiresi athu ndi aneba amene amayi ankawakongoza shuga." Sanadziwe kuti amene akumufunsayo anaponyako nkhuni yake pa moto umenewo. Ndinamupezera mabuku ndi yunifolomu, koma madzi akatayika saoleka. Panapita miyezi ndisanalimbe mtima kupita kwa mayi ake kukaulula ndi kupepesa.

Kodi wosenza ali ndi mlandu?

Kwa nthawi yaitali ndinadziteteza ndi mfundo zitatu, ndipo ndiganiza kuti inunso mumazidziwa.

Yoyamba inali yakuti sindinapeke ndine. Zoona. Koma Eksodo 23:1 saletsa kupeka kokha, aletsa kunyamula nkhani yabodza ndi kuiyendetsa, ndipo ndime yotsatira ichenjeza za kutsata unyinji wa anthu pochita choipa. Wopeka bodza ndi mmodzi, ndipo payekha sangafike patali. Mbiri ilibe miyendo, imabwereka yathu. Miyambo 26:20 ifanizira nkhani zotere ndi moto umene umazima nkhuni zikasowa. Amene anayatsa ali ndi mlandu wake, koma moto wa tsiku lija unakula ndi nkhuni za anthu ngati ine.

Yachiwiri inali yakuti ngakhale ndikanakhala chete, zikanachitikabe. Mwina n'zoona. Koma aliyense mwa anthu zikwi amene anasenza nkhaniyo akhoza kunena chimodzimodzi, ndipo tikavomera, ndiye kuti masitolo anathyoka okha ndipo anthu awiri aja anapsa popanda wolakwa. Mulungu sadzandifunsa za khamu. Adzandifunsa za anthu atatu amene ndinawaimbira foni.

Yachitatu, imene inali yovuta kuisiya, inali yakuti cholinga changa chinali chabwino, ndinkafuna kuteteza ana. Izinso n'zoona. Koma chikondi changa pa ana a mchemwali wanga ndinachilipira ndi dzina la anthu ena, amene sindinawapatse mpata wodziyankhira. Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa m'chaka cha 1563, pa funso 112 pofotokoza lamulo lachisanu ndi chinayi, aphunzitsa kuti tisatsutse munthu mopupuluma tisanamve mbali yake, tisathandizenso ena kutero, ndiponso kuti titeteze ulemu ndi mbiri yabwino ya mnansi wathu monga tingathere. Lamulo limeneli sililekera pa kusanama. Limatipatsa ntchito yolondera dzina la mnzathu monga tilondera nyumba yake iye akachoka.

Buku la Machitidwe lili ndi nkhani yofanana ndi yathu. M'chaputala 21 anthu ena anamuona Paulo akuyenda mumzinda ndi Trofimo wa ku Efeso, munthu wa mtundu wina, ndipo anangoganiza kuti wamulowetsa m'Kachisi. Sanaone, anangoganiza. Mzinda wonse unatekeseka, ndipo Paulo akanaphedwa asilikali akanapanda kufika msanga. M'chaputala 19, pa chipolowe cha ku Efeso, Luka akuti ambiri m'khamumo sanadziwe n'komwe chimene anasonkhanira. Onaninso kuti mphekesera imakonda kugwera mlendo. Ku Yerusalemu anali Mgiriki, kwa ife anali wa ku Rwanda.

Ndipo sitinaphunzire msanga. Kuchiyambi kwa 2020 kunabuka nkhani ya anthu opopera gasi m'nyumba, kuyambira ku Chingola mpaka kufika kuno ku Lusaka ndi m'zigawo zina. Ulendo umenewo nkhani zinkathamanga pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndi zithunzi za anthu amene ankati ndiwo opopera. Mu Marichi chaka chimenecho Pulezidenti wa nthawiyo, malemu Edgar Lungu, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu 50 anali ataphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Munthu ankatha kufa chifukwa chongokhala wachilendo m'komboni. Abale athu ku Malawi anaona zofanana mu 2017 ndi nkhani ya anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Kale mbiri inkadikira kuti kuche kuti ipite kuchitsime. Lero chala chimodzi chimaifikitsa ku magulu khumi tisanaphule nsima.

Nanga tizingokhala chete?

Apa wina anena kuti, Amayi, ndiye kuti tisoke pakamwa? Ayi. Kukhala chete nakonso kumapha. Mayi amene anadwala nthenda yotaya magazi zaka 12 anachira chifukwa anamva za Yesu, monga Marko 5:27 atiuzira, ndipo wina wake, amene dzina lake sitilidziwa, ndiye anamufikitsira mbiri imeneyo. Rahabe anamva za Mulungu wa Israyeli, nakhulupirira. Uthenga wa kuuka kwa Ambuye unayamba kusenzedwa ndi amayi, ndipo Luka 24:11 akuti atumwi anauyesa nkhani zopanda pake. Amayi aja akanaopa kutchedwa olongolola, akanakhala chete pa nkhani yoposa zonse.

Ndiponso pali zinthu zimene kuzibisa ndi tchimo. Ukadziwa kuti mwana akugwiriridwa m'nyumba ina, kapena kuti mnzako akumenyedwa mpaka moyo wake uli pangozi, usabisale kuseri kwa mawu akuti sindifuna miseche. Kusiyana kwa chenjezo ndi mphekesera kuli pa kumene nkhani ikupita. Chenjezo limapita kwa amene angathe kuchitapo kanthu: kwa mwini nkhani, kwa abusa ndi akulu a mpingo, kwa apolisi a Victim Support Unit. Mphekesera imapita kwa aliyense amene ali ndi khutu, kupatula mwini wake. Tsiku lija, ngati ndinkakhulupiriradi za firiji ija, malo oyenera kupita anali ku polisi. Sindinapite, chifukwa mumtima ndinkadziwa kuti ndilibe chimene ndikananena atandifunsa kuti, mwaona chiyani?

Mafunso anayi a mlonda wa pakhomo

Kuyambira nthawi imeneyo ndimayesa kudzifunsa mafunso anayi nkhani isanatuluke pakamwa panga kapena pa foni yanga. Sindinafike, koma andipulumutsa kangapo.

Loyamba: ndani anaona? Makolo anati kandimverere anakanena za m'maluwa. M'basi muja munali anthu atatu onena chinthu chimodzi, ndipo ine ndinawayesa mboni zitatu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona. Mboni ziwiri kapena zitatu zimene Deuteronomo 19:15 afuna ndi anthu oona ndi maso, osati makutu atatu amene amwa pa chitsime chimodzi. Luka, amene anatilembera liwu lakuti pheme, akuyamba buku lake pofotokoza kuti anafufuza zonse mosamala kuchokera kwa amene anaona. Mfumukazi ya ku Seba itamva mbiri ya Solomo inanyamuka kukadzionera yokha.

Lachiwiri: kodi ndingatchule amene wandiuza, ndipo ine ndingalole kutchulidwa? Paulo atamva za magawano a ku Korinto sanati akuti. Pa 1 Akorinto 1:11 ananena poyera kuti wamva kwa a m'banja la Kloe, ndipo analembera eni ake nkhaniyo. Nkhani imene imayamba ndi mawu akuti musanene kuti ndanena ndine, kawirikawiri ndi katundu wakuba.

Lachitatu: kodi amene ndikumuuzayu angathandize chiyani? Ngati sangachite kanthu koma kudabwa ndi kukauza wina, ndiye kuti ndikungomudyetsa. Apa tisamale kwambiri ndi mapemphero athu, amayi. Mulungu amadziwa dzina la munthuyo ndi tsatanetsatane wa vuto lake. Tikhoza kupempherera banja limene lili m'mavuto popanda kuyanika zovala zake zam'kati pa bwalo la Chigwirizano.

Lachinayi: nkhaniyi ikapezeka yabodza, adzalipira ndani? Ngati wolipira ndi wina, osati ine, ndiyenera kuchedwa nayo kawiri. Ndipo ikapezeka yabodza nditainena kale, ndibwerere njira yomwe ndinadzera kukaikonza. Pa Yohane 21:23 timva kuti ngakhale pakati pa abale oyamba panayenda nkhani yakuti wophunzira wina sadzafa, chifukwa chomva molakwa mawu a Ambuye, ndipo wolemba Uthengawo anaima n'kuikonza. Ife timafulumira kutumiza, koma nkhani ikatsutsidwa timangoti zii.

Kwa ife ovala yunifolomu

Pa 1 Timoteo 3:11, pakati pa malangizo a atumiki, Paulo akunenapo za akazi, ndipo pa Tito 2:3 akunena za amayi achikulire. Konseko akuti asakhale diaboloi, ndiko kuti oneneza anzawo. Liwu limeneli ndi lomwe lija limene limatchula Mdierekezi, woneneza wamkulu. Sindikhulupirira kuti Paulo ananena izi chifukwa amayi ndiwo okha amajeda, pakuti m'basi muja anayambitsa ndi abambo. Ndiganiza kuti n'chifukwa chakuti ntchito yathu imatilowetsa m'kati mwa nyumba za anthu. Ndife timasambitsa odwala, timagona pa maliro, timalangiza anamwali ndi maanja atsopano. Timaona zimene ena saona, ndipo anthu amatikhulupirira. Chikhulupiriro chimenecho ndi chuma cha mpingo, ndipo nkhani iliyonse imene tiitulutsa mosayenera imachibowola. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Mwina wina mwa inu akuwerenga izi ali mbali inayo: ndiye amene akunenedwa. Mwalowa m'tchalitchi anthu n'kusiya kulankhula. Mlongo wanga, Ambuye wanu anadutsa momwemo. Anamunena kuti ndi wosusuka ndi woledzera, anamunenanso kuti ali ndi chiwanda. Paulo pa 2 Akorinto 6:8 akuti anatumikira Mulungu m'mbiri yoipa ndi m'mbiri yabwino, dysphemia ndi euphemia, mawu awiri a pa tsinde lathu lija, ndipo sanalole kuti imodzi mwa izo imuyendetse. Yesu sanathamangire kutchuka, ndipo Luka 5:15-16 ationetsa kuti pamene nkhani yake inakulirakulira, Iye ankachoka kupita kwayekha kukapemphera. Chimene anthu akunena za inu lero si chiweruzo chomaliza.

Pa Afilipi 4:8 pali liwu lakuti euphema, zinthu zomveka bwino, zoyenera kuzinena, ndipo Paulo akuti maganizo athu azikhala pa zotere. M'dera lanu muli mayi amene akulera ana amasiye a mnzake osadandaula. Pa geti la fakitale pali wina amene amaphika nsima yogulitsa kuyambira m'mamawa, ndipo waphunzitsa ana ake ndi ndalama imeneyo. Mu Epulo 2016 analiponso aneba amene anabisa anzawo obwera m'nyumba zawo ndi kuwasungira katundu. Mbiri zimenezi n'zoona, koma zimayenda pang'onopang'ono chifukwa zimasowa wozisenza.

Ndikupemphani kuti pa msonkhano wanu wotsatira muwerenge pamodzi Luka 4:14-30 ndi Machitidwe 21:27-36, ndipo aliyense adzifunse mumtima ngati pali nkhani imene anaisenza imene ayenera kubwerera nayo. Ngati ilipo, musadikire miyezi monga ndinachitira ine. Mayi wa mtsikana uja, nditamaliza kulankhula, anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Mwachita bwino kubwera, Madamu. Ndinu woyamba." Anandipatsa mpando ndi tiyi, m'nyumba imene munalibe ndi kabati yomwe.

Ambuye alondere makutu athu ndi milomo yathu, ndipo akudalitseni nonse m'ntchito ya Chigwirizano.